Mphatso Ikachedwa: Zimene Zimalepheretsa Mayi Kutenga Pathupi

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, banja likatha zaka ziwiri popanda thewera pachingwe, achibale amayamba kunong'onezana. Komwe kunaperekedwa malowolo, mayi ndiye amalozedwa chala ndi kutchedwa chumba. Komatu bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti pa anthu 6 alionse, mmodzi amakumana ndi vuto la kusabereka pamoyo wake, mwamuna kapena mkazi.

Ndi liti pamene tiyenera kuda nkhawa?

Achipatala amati pali vuto ngati banja latha miyezi 12 likukhala malo amodzi pafupipafupi, osalera, koma mimba osaoneka. Mayi wopitirira zaka 35 asadikire chaka chonse; miyezi 6 yakwana, chifukwa mazira amachepa ndi msinkhu.

Njira za mazira zikatsekeka

Ili ndi gwero lalikulu la kusabereka kuno kwathu. Dzira limadutsa mu kamodzi mwa timachubu tiwiri kupita m'chiberekero. Chinzonono ndi chlamydia zikakhalitsa osachizidwa zimasiya zipsera zotseka timachubuto, ndipo amayi ambiri samva ululu uliwonse pamene zikuwononga. Kutaya mimba mwachinsinsi ndi zitsamba kapena timitengo, komanso matenda olowa mayi akangochira kapena kupita padera, zimavulaza chimodzimodzi.

Likodzo la m'madzi a Shire

Ambiri amaliyesa matenda a anyamata okodza magazi. Koma mayi wochapa mu Shire, wolima m'dimba ku Elephant Marsh kapena ku Ndindi, ngakhale wotunga madzi m'ngalande za mthirira ku Nchalo, tizilombo tochokera ku nkhono timamulowa pakhungu. Mazira a tizilomboti amakhazikika pakhomo la chiberekero ndi m'machubu. Mayi amatuluka chikazi chachilendo, amamva kuwawa kapena kutaya magazi akakhala ndi bambo, ndipo kawirikawiri zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana. Mankhwala a praziquantel amapha tizilomboti, koma sachotsa zipsera zakale. N'chifukwa chake atsikana asamathawe mankhwalawa akamagawidwa kusukulu.

Zifukwa zina

Msambo wodumphadumpha umasonyeza kuti mwina dzira silikukhwima mwezi ndi mwezi. Zotupa za m'chiberekero nazo zimatha kulepheretsa mimba kukhazikika. Jakisoni wolera wa Depo saumitsa chiberekero. Amangochedwetsa mimba kwa miyezi ingapo mayi akausiya.

Thandizo lilipo

Yambani kuchipatala chapafupi: cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, Ngabu, Montfort ku Nchalo, kapena Trinity ku Muona. Kumeneko amayeza ndi kuchiza matenda opatsirana, ndipo mankhwala ayenera kumwa onse awiri. Zikafunika, amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe kuli madokotala a matenda a amayi. Sikani imaonetsa zotupa, ndipo pali ekisileyi yapadera yoona ngati machubu atsekeka. Mapiritsi monga clomiphene amathandiza dzira kukhwima, pomwe zotupa zimachotsedwa ndi opaleshoni. Machubu akawonongeka kwambiri pamatsala njira ya IVF, yophatikiza dzira ndi umuna kunja kwa thupi, koma ndi yokwera mtengo zedi.

Bambo asatsale kunyumba

M'mabanja ambiri vuto limapezeka kwa bambo, ndipo kuyeza umuna ndi kosavuta. Kulowetsa fisi m'nyumba kapena kukwatira mitala kumangoitana HIV ndi matenda omwewo otseka machubu. Musanagulitse mbuzi kulipira sing'anga, tenganani nonse awiri mukayezetse kuchipatala nthawi idakalipo.