Chizungu chili m'kope, pakamwa palibe

Ndili ndi zaka 19 ndinalawirira kukwera basi pa Kafue, nsapato zili phuliphuli, setifiketi ili m'envulopu, ulendo wa ku Lusaka kukayesedwa ntchito ya ukalaliki. Njira yonse, makilomita opitirira 40, ndinkabwereza chamumtima mayankho amene ndinaloweza usiku kwathu ku Nangongwe. Koma atandifunsa za makolo anga, amayi ondibala ndinawatchula kuti "he", osati kamodzi koma katatu. Bambo wina mwa ofunsawo anabisa pakamwa ndi pepala. Lilime linauma, ndipo zonse ndinaloweza zija zinathawa. Ntchitoyo anaipeza wina.

Chonsecho mayeso a Chizungu ndinakhoza bwino. Panapita zaka ndisanamvetse kuti cholakwa chija sichinali umbuli. M'Chinyanja mwamuna ndi "iye", mkazinso ndi "iye", choncho lilime limene lakula chotero silizolowera msanga kusankha pakati pa "he" ndi "she" munthu uli pamoto.

Misampha yotere ilipo ingapo, ndipo imagwira tonse mofanana. Ife tili ndi mavawelo asanu okha, pamene Chizungu chili ndi oposa khumi, n'chifukwa chake "ship" ndi "sheep" timazimva ngati liwu limodzi. Kwathu l ndi r ndi pachibale, sasintha tanthauzo la mawu, koma Mzungu akamva "play" m'malo mwa "pray" amaona ngati mukupita kubwalo la mpira pamene inu mukunena za kutchalitchi. Mawu athu amathera pa vawelo, ndiye timamatira i kapena u kumapeto kwa mawu awo. Ukadziwa pamene pali dzenje, umayenda mochenjera.

Boma nalo lakhala likusinthasintha. Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Chizungu kukhala chophunzitsira kuyambira Giledi 1. Mu 2014 ana a Giledi 1 mpaka 4 anayamba kuphunzira m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'zigawo, kuno kuchigawo cha Lusaka n'kukhala Chinyanja. Ndondomeko yatsopano imene inayamba mu 2025 yabwezanso Chizungu kutsogolo. Akuluakulu azikangana okha za zimenezo. Chimene ndimaona ine n'chakuti mwana wa m'komboni amakopera Chizungu pabolodi, n'kuchitsekera m'kope belu likalira. Kumsika ndi Chinyanja, pampopi Chinyanja, kwa anansi mwina Chitonga kapena Chibemba. Chizungu achilankhula ndi ndani?

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi wailesi. Ndinkamvera nkhani m'Chinyanja pa ZNBC Radio 1, kenako n'kuzimveranso m'Chizungu pa Radio 2. Popeza nkhaniyo ndaidziwa kale, khutu silinkalimbana ndi tanthauzo, linkangotola mawu ndi kamvekedwe kake. Ndinkabwereza mokweza pambuyo pa woulutsa, mlongo wanga n'kumati ndayamba misala.

Kuwerenga mokweza n'kofunikanso, ndipo sikulira laibulale. Tauni ino ya Kafue yadzaza Chizungu cholembedwa: thumba la feteleza la ku Nitrogen Chemicals, kapepala ka m'bokosi la mankhwala, zikwangwani za mumsewu wa Great North, ngakhale tsamba la Zambia Daily Mail limene akukulungirani nsomba zouma. Koma musamatole liwu limodzilimodzi ngati mukutola mtedza. Tengani chiganizo chathunthu, muchinene kakhumi, ndipo tsiku lomwelo mupeze munthu womuuza. Amene muli ndi foni, dzijambuleni mawu pa WhatsApp mudzimvere nokha. Poyamba zimachititsa manyazi, koma khutu lanu lomwe ndi limene lidzakuuzeni pamene mwaphonya.

Musataye Chinyanja poganiza kuti ndicho chikukutchingirani. Mwana amene wadziwa kuwerenga m'chilankhulo cha kunyumba savutika kugwira zilembo za chilankhulo china, chifukwa luso lolumikiza chilembo ndi liwu ndi lomwelo.

Chotchinga chenicheni ndi chiseko. Mtonga akaphotchola Chinyanja timamuyamikira kuti akuyesetsa, koma mnzathu akaphotchola Chizungu timagwa nako kuseka, n'kumupatsa dzina loti afe nalo. Ndikudziwa anthu amene anasiya kutsegula pakamwa ali Giledi 6 chifukwa cha chiseko cha tsiku limodzi, ndipo lero akulembetsa mayeso a GCE ali ndi ana kale, pofuna kuti apeze mwayi wa kukoleji.

Inu makolo, aphunzitsi ndi achikulire a ku Nangongwe, mwana akathyola Chizungu pamaso panu, muyankheni kaye zimene wafunsa. Akamaliza, mubwerezereni chiganizocho molondola, mwakachetechete, anzake asanamve.