Miyala ya Kunyanja m'Thanki Yoŵetera Nsomba m'Kalasi

Mphunzitsi wa Sayansi amene afuna kuŵeta nsomba m'thanki ya galasi ayenera kuikamo miyala, pakuti nsomba zikasoŵa pobisala zimalumana ndi kufooka. Kuno ku Ntcheu tilibe gombe, motero ana akapita ulendo wa sukulu ku Mangochi kapena ku Salima amabwerako matumba ali tho ndi nsangalabwi ndi zigoba za nkhono. Kodi zonsezi nzoyenera kuloŵa m'thanki?

Miyala ili pa magulu aŵiri. Ina, monga granite, gneiss ndi quartz, imene yachuluka m'mapiri a Kirk Range, siisungunuka m'madzi, ndipo siisintha kanthu. Ina ndi ya laimu, yonga ija amakumba ku Chenkumbi m'boma la Balaka. Iyo pamodzi ndi zigoba za nkhono ili ndi calcium carbonate, amene amasungunuka pang'onopang'ono nakweza pH ya madzi. Ana angathe kuisiyanitsa okha. Akande mwala wouma ndi msomali, adonthezepo viniga kapena madzi a mandimu, ndipo ayang'anitsitse. Ukatulutsa thovu, muli laimu.

Aphunzitsi ena amataya mwala uliwonse wochita thovu, koma kuteroko nkupupuluma. Madzi a m'nyanja ya Malaŵi ali ndi pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, choncho mbuna ndi tiana ta chambo zimakhala bwino lomwe pakati pa miyala ya laimu. Vuto limadza pamene thankiyo yadzazidwa ndi madzi a mvula: laimu amakweza pH mwakachetechete, ndipo tsiku losintha madzi imatsika mwadzidzidzi. Kusintha kotereku ndiko kumapha nsomba. Ofunika kukanidwa kotheratu ndi mwala wonyezimira ngati chitsulo, wadzimbiri, kapena wa maŵanga obiriŵira a kopa, chifukwa kopa ndi poizoni kwa zamoyo za m'madzi.

Choopsa chachikulu, komabe, chili pa ana eni ake. Nkhono zing'onozing'ono za mtundu wa Bulinus, zimene zimafalitsa likodzo, zimamatirira kumiyala ya m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo, ndipo mwana wopisa dzanja m'thanki momwe muli nkhono yodwala angatenge matendawa ali m'kalasi. Mwala uliwonse ukwechedwe ndi burashi popanda sopo, uthiridwe madzi otentha, ndipo uyanikidwe padzuŵa sabata yathunthu. Usaikidwe pamoto, pakuti mwala wonyoŵa umaphulika.

Mphunzitsi akumbukirenso kuti dera la ku Cape Maclear lili m'paki ya Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1980, ndipo m'menemo saloleza kutola kanthu. Nsangalabwi za mumtsinje wa Rivirivi kapena Livulezi zikwanira, malinga ziyesedwe ndi kutsukidwa chimodzimodzi.