CHIPONDE: M'MENE MAIKO ADAGWIRIZANIRANA KUPULUMUTSA ANA ONYENTCHERA

Mayi aliyense wopita kusikelo m'maboma a Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amakadziwa kapaketi kamene ana onyentchera amalandira. Ife timangoti chiponde. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti chakudya chimenechi chidabadwa mwa mgwirizano wa anthu a maiko osiyanasiyana, ndiponso kuti dziko lathu la Malaŵi lidathandiza kwambiri kuti chidziwike padziko lonse.

Lonjezo la ku Rome

M'mwezi wa December 1992, nthumwi za maiko 159 zidasonkhana mumzinda wa Rome, ku Italy, pamsonkhano woitanidwa ndi mabungwe a FAO ndi WHO, ndipo zidalonjeza kuthetsa njala ndi kuchepetsa matenda osowa zakudya m'thupi.

Lonjezolo lidali labwino, koma m'zaka zimenezo mwana wonyentchera kwambiri adalibe kwina kochirira koposa kuchipatala. Mankhwala ake adali mkaka waufa wosungunula ndi madzi. Mkaka wotere suchedwa kuswa tizilombo, makamaka madziwo akakhala oipa, choncho sukadaperekedwa kuti mayi akamwetse mwana kunyumba. Mayi ankagonera kuchipatala milungu ingapo, kusiya munda ndi ana ena opanda wowasamala. Ambiri ankatuluka mwana asanachire, ena sankapita n'komwe, ndipo ana ofooka ogona chipinda chimodzi ankapatsirananso matenda.

Kuchokera ku France kufika ku Blantyre

M'chaka cha 1996, dokotala wa ana wa ku France, André Briend, mogwirizana ndi Michel Lescanne wa kampani ya Nutriset, adapanga chakudya chotchedwa Plumpy'Nut. Adasakaniza mtedza wopera, mkaka waufa, shuga, mafuta ophikira, mavitamini ndi michere ina yofunika m'thupi. Nzeru yake yagona pakuti mulibe madzi, motero tizilombo sitiswana. Sichifuna kuphika, sichifuna firiji, ndipo kapaketi kamodzi ka magalamu 92 kamapatsa mwana mphamvu zambiri ngakhale kamimba kake kali kakang'ono.

Funso lidatsala lidali lakuti: kodi amayi angathe kuchiritsa ana awo okha kunyumba? Yankho lidapezeka muno mu Africa. M'chaka cha 2001, dokotala wa ku America, Mark Manary, pamodzi ndi anamwino achimalaŵi ku Blantyre, adayamba kupereka chiponde kwa amayi kuti akadyetse ana kwawo, ndipo ana ambiri adachira. M'chaka cha 2002, mabungwe a Concern Worldwide ndi Valid International adayesa njira yomweyo m'midzi ya ku Dowa. Kuno kunyanja nako, ku Lungwena m'boma la Mangochi, akatswiri a ku College of Medicine ndi anzawo a ku Tampere, dziko la Finland, adachita kafukufuku wa kadyedwe ka ana kwa zaka zambiri.

Pamene njala idavuta ku Niger m'chaka cha 2005, bungwe la Médecins Sans Frontières lidathandiza ana oposa 60,000, ambiri mwa iwo ndi chakudya chomwechi. Poona zonsezi, m'chaka cha 2007 mabungwe a WHO, UNICEF ndi WFP adavomereza kuti mwana wonyentchera amene alibe matenda ena aakulu, ndipo akutha kudya, azichirira kunyumba. Akuluakulu adanena zoona kuti mutu umodzi susenza denga.

Ntchito sinathe

M'chaka cha 2015, maiko a m'bungwe la United Nations adagwirizana kuthetsa njala pofika 2030. Komabe m'chaka cha 2022 ana pafupifupi 45 miliyoni osakwana zaka zisanu adali onyentchera, ndipo ena 148 miliyoni adali opinimbira. M'chaka cha 2025 boma la America lidadula thandizo lake lalikulu ku maiko akunja ndi kutseka bungwe la USAID, ndipo chiponde chidayamba kusowa m'zipatala za maiko angapo. Apa tiphunzirepo kuti thandizo lochokera kutali likhoza kuleka tsiku lililonse.

Mbali yathu ngati makolo

Abale ndi alongo, chiponde ndi mankhwala a mwana amene walembedwa kusikelo. Tikachigulitsa pamsika kapena kugawira ana ena ndi akuluakulu, tikulanda moyo wa wodwalayo.

Tisachedwe kupita ndi mwana kwa alangizi a zaumoyo kuti amuyeze mkono. Kalamba kakaonetsa pofiira, ndiye kuti mkono sukukwana masentimita 11.5, ndipo mwanayo ali pangozi. Akatupa mapazi onse awiri, tisataye masiku ndi kulozana zala kuti ndi ndaka kapena tsempho, tithamangire kuchipatala.

Koposa zonse tipewe. Mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo apitirize kuyamwa kufikira zaka ziwiri, monga momwe Qur'an yolemekezeka imatiphunzitsira. Phala lake lisakhale lamadzi okhaokha: tithiremo nsinjiro, dzira, masamba, kapena usipa wouma wosinja. Abambo asodzi, musanagulitse nsomba zonse padoko, patulani kambale ka ana kunyumba. Zambiri mwa zimene akatswiri aja adazitsekera m'kapaketi, Allah adatipatsa kale m'munda ndi m'nyanja yathu.