Zimene zimachitika pansi pa nandolo

Kwathu ku Phalombe, nandolo timangomuwerengera pa ndiwo ndi pa sikelo ya mavenda. Koma ine chimandigometsa ndi zapansi.

Mukazula nandolo, taonani timatuza ta kumizu. M'menemo muli mabakiteriya amene amakoka nayitrojeni mumpweya n'kudyetsa mbewu. Pogwira ntchitoyi amatulutsanso mpweya wa hayidirojeni. Ukalowa m'dothi, mabakiteriya ena amauphatikiza ndi okosijeni n'kupezapo mphamvu. Chotsala ndi madzi basi.

Ku Finland, kampani ya Solar Foods imaweta mabakiteriya odya hayidirojeni n'kupanga ufa wa mapuloteni wotchedwa Solein, umene Singapore idavomereza mu 2022.

Ndiye mmene wakwerera feterezamu, ine chimanga sindidzala chokha ayi. Ndimasakaniza ndi nandolo, ndipo masamba ake ndimakwirira, sindiotcha.