Musanagule sensa ina, yesani kaye mawaya atatu

Nyengo yokoka mabelo a fodya kuchoka kwa Lukwa kupita ku Chinkhoma ikafika, ndimamva madandaulo amodzimodzi: galimoto ikufuka utsi wakuda, ikumwa petulo wambiri, pachitunda ikuchita kukwawa. Ambiri amathamangira kugula MAP sensa, kachipangizo kouza kompyuta ya galimoto mphamvu ya mpweya wolowa mu injini. Zimandiwawa, chifukwa ndalama ya fodya ndi ya thukuta.

Tengani multimeter. Kasensako nthawi zambiri kamakhala ndi mawaya atatu. Tembenuzani kiyi osaliza injini. Waya wina uonetse mavolti 5, wina ndi wa ethi, wachitatu ndiye wotumiza uthenga. Pa galimoto ya petulo yopanda turbo, wachitatuyu amaonetsa pafupifupi mavolti 4; kuno kumtunda mpweya ndi wopepukirapo, choncho akatsikako pang'ono musadabwe. Mukaliza injini, atsike kufika pakati pa 1 ndi 2. Pondani mafuta mwadzidzidzi, nambala ilumphe.

Ikangoima malo amodzi, musaweruze msanga. Ine ndinapezapo kapaipi ka labala kopita ku sensa kali kong'ambika, fumbi la m'misewu yathu litadzaza m'kati, sensa ili bwinobwino.