Phungu wokhalitsa akachoka, wolowa m'malo mwake amasankhidwira kuti?

Kwa zaka 15, kuyambira 2006 mpaka 2021, anthu a ku Tamanda ndi madera ena a Chipangali, kum'mawa kwa Zambia, akati "phungu wathu" ankanena munthu mmodzi, a Vincent Mwale. Analowa m'Nyumba ya Malamulo pa tikiti ya chipani cha MMD, anapambananso mu 2011, ndipo mu 2016 anaimira PF. Pazakazi anakhalapo nduna ya achinyamata ndi zamasewera, ya maboma aang'ono, kenaka ya nyumba ndi zomangamanga. Mwana wobadwa chaka chomwe iwo analowa anali atakula ndithu pamene mpandowo unapita kwa a Andrew Lubusha, a PF yomweyo, pa chisankho cha pa 12 Ogasiti 2021.

Kulikonse komwe phungu wakhalitsa chotere, mphekesera zimayamba mwiniwake asanatsegule pakamwa. Pamaliro pamayamba kuima galimoto zachilendo. Matimu a mpira a m'midzi amalandira mayunifolomu, magulu a amayi amalandira zitenje, ndipo pansi pa mtengo wa pasitolo funso limakhala limodzi: "Kodi akuluwa aimanso?" Ofuna mpando amagulitsa fodya ndi soya, ena ng'ombe, n'kuyamba kuzungulira. Koma tsiku lovota likafika, ambiri a iwo nkhope zawo sizioneka pa pepala lovotera. Anabwezedwa kalekale pa makomo awiri amene ovota sawaona: khomo la chipani ndi khomo la bungwe loyendetsa zisankho.

Zambia ili ndi nyumba imodzi yokha ya malamulo, ilibe nyumba yachiwiri ya masenetala monga ya ku America.  Pulezidenti wa Zambia amalamulira maulendo awiri basi, pomwe phungu alibe malire. Amachoka akafuna yekha, akagonja, chipani chikamutaya, khoti likamuchotsa, kapena imfa ikamutenga.

Malamulo aakulu a dziko monga anasinthidwira mu 2016 anaika chisankho chachikulu pa Lachinayi lachiwiri la Ogasiti pakatha zaka zisanu zilizonse. Phungu amene wangoti "sindiimanso" amakhalabe phungu mpaka Nyumba itatsekedwa, ndipo palibe ofesi ya boma yomwe amakasainako za kupuma kwake. Mawu olankhula pamsonkhano samumanga. Akhoza kusintha maganizo sabata yomaliza, ndipo ena amasinthadi, "anthu akandipempha". Wotula udindo pakati pa nthawi ndi wosiyana: amalembera Sipikala kalata, mpando umakhala wopanda munthu, ndipo malamulo a 2016 anati chisankho chachibwereza chichitike pasanathe masiku 90, pokhapokha ngati kwatsala masiku osapitirira 180 kuti chisankho chachikulu chichitike. Anansi athu a ku Kasenengwa anaona chisankho chachibwereza mu 2018: mayi Victoria Kalima anamwalira mu Juni, ndipo mu Seputembala anthu anavotera a Sensio Banda.

Izi n'zolembedwa, aliyense akhoza kuziwerenga. Pomwe pamavuta ndi pa chomwe anthu amachitcha adopushoni, kusankhidwa ndi chipani kuti ukachiimire.

Gawo 60 la malamulo a dziko limati chipani chili ndi ufulu wochititsa zisankho zachipulula posankha ochiimira. Mawuwo ndi ufulu, osati lamulo lochikakamiza. Choncho chipani chilichonse chimatsata njira yake, ndipo njira yofala m'zipani zikuluzikulu ndi iyi: wofuna mpando amalemba kalata yofunsira n'kulipira ndalama ku chipani, amakafunsidwa mafunso ndi komiti ya konsityuwensi, kenaka ya boma, kenaka ya chigawo ku Chipata. Komiti iliyonse imaika mayina motsatana, woyamba, wachiwiri, wachitatu. Mndandandawo umakwera ku Lusaka, komwe mawu omaliza ali ndi Central Committee ku PF, kapena National Management Committee ku UPND.

Apa m'pamene anthu amapusitsidwa. Munthu akakhala woyamba ku konsityuwensi, omutsatira amaimba ndi kuvina usiku wonse, iye n'kuyamba kusindikiza malaya. Chikhalirecho zomwe makomiti apansi amatumiza ndi maganizo chabe. Likulu likhoza kutenga wachitatu, kapena munthu amene ku mafunso sanaonekeko, ndipo palibe lamulo la dziko lolikakamiza kufotokoza chifukwa. Ndalama yofunsira sibwerera. Chipani chimapeta ngati mayi ali ndi lichero, ndipo wovota wa ku Tamanda amadzasankha pa zotsala m'licheromo.

Ndalama zambiri zimathera pa zinthu zopanda lisiti. Mamembala a komiti amachokera kutali, ndiye wofunsira amayembekezeka kupereka ya thiransipoti, ya chakudya, ya mayunitsi. Wina amabwera madzulo n'kunena kuti amadziwana ndi "akuluakulu a ku Lusaka", angofunika kangachepe ka mafuta kuti dzina likafike pamwamba. Munthu yemweyo mawa lake amakanena mawu omwewo kwa wopikisana naye. Wapampando wa nthambi akhoza kulonjeza anthu atatu voti imodzi osaona cholakwa, poti kwa iye nyengo imeneyi imabwera kamodzi pa zaka zisanu. Wopusitsidwa motere alibe kokadandaula, chifukwa nayenso amadziwa kuti zomwe amapereka sizinali zoonetsa poyera.

Chinanso chotopetsa ndi kuchedwa. Zipani zimakonda kutulutsa mayina patangotsala masiku ochepa kuti akaperekedwe ku bungwe la zisankho. Akuluakulu a zipani amadziwa bwino kuti wokanidwa msanga amakhala ndi nthawi yothawira ku chipani china kapena yokonzeka kuima payekha. Amene amavutika ndi wosankhidwa yemweyo, poti amayenera kusonkhanitsa mapepala onse mothamanga. Mpaka kalata ya chipani yosainidwa ndi akuluakulu a ku likulu itafika m'manja mwake, munthu sanasankhidwe, ngakhale wailesi itatchula dzina lake.

Phungu wochokayo nayenso sakhala chete pa nthawiyi. Mamembala ambiri a makomiti analowa pa nthawi yake, ena ndi iye anawathandiza kulowa. Alibe voti yapadera m'malamulo, koma akaloza munthu, mawu ake amalemera. Ichi n'chifukwa chake ofuna mpando amayamba kukamugwadira iyeyo asanapite kwa anthu.

N'chifukwa chiyani mpando wa kumudzi ukulimbiranidwa chonchi masiku ano? Mbali ina yankho lili mu thumba la chitukuko cha m'dera, CDF. Mpaka 2021 konsityuwensi iliyonse inkapatsidwa K1.6 miliyoni pachaka. Mu 2022 ndalamayi inakwera kufika pa K25.7 miliyoni, mu 2023 pa K28.3 miliyoni, mu 2024 pa K30.6 miliyoni. Phungu sagwira ndalamazi m'manja, zimadutsa ku khonsolo, koma amakhala m'komiti yoona ntchito zoyenera kuchitika. Makalasi, zipatala zazing'ono, mabasale a ana a sukulu ndi ngongole za magulu zonse zimakambidwa pamenepo. Chipangali, yomwe inapatulidwa ku Chipata n'kukhala boma palokha mu 2018, ili ndi zambiri zoti zimangidwe, ndipo amakontrakitala amadziwa zimenezi kuposa ovota.

Khomo lachiwiri ndi la bungwe loyendetsa zisankho, Electoral Commission of Zambia. Kuno zinthu n'zosiyana: ku chipani malamulo ndi ochepa, kuno ndi ambiri ndipo sapindika. Gawo 70 limafuna nzika ya Zambia ya zaka zosachepera 21, yolembetsa m'kaundula wa ovota, yokhala ndi satifiketi ya Giredi 12 kapena yofanana nayo, ndiponso yolengeza chuma chake ndi ngongole zake.

Satifiketiyi yagwetsa anthu amphamvu. Poyamba ambiri ankakhulupirira kuti dipuloma ya ku koleji kapena satifiketi ya ntchito zamanja ikhoza kulowa m'malo mwake. Mu Malichi 2021, pa mlandu womwe a Bizwayo Nkunika anasumira a Lawrence Nyirenda, phungu wa ku Lundazi panthawiyo, Khoti la Malamulo a Dziko linamasulira kuti chofunika ndi satifiketi ya Giredi 12 yeniyeniyo kapena yofanana nayo pa mlingo wake, ndipo mapepala a maphunziro apamwamba salowa m'malo mwake. Chigamulochi chinabwera patatsala miyezi iwiri kuti mayina aperekedwe, anthu atawononga kale chuma chawo. Mu 2022 a Joseph Malanji, omwe anakhalapo nduna ya nkhani zakunja, anataya mpando wa Kwacha ku Kitwe pa nkhani yomweyi, atavoteredwa kale ndi anthu.

Kukhala nayo satifiketi sikokwanira, iyenera kutsimikizidwa. Pano pali msampha umene umasokoneza ngakhale ophunzira: mabungwe awiri amafupikitsidwa ndi zilembo zofanana, ECZ. Lotsimikiza satifiketi ndi la mayeso, Examinations Council of Zambia. Lolandira mayina ndi la zisankho. Munthu akauzidwa kuti "pitani ku ECZ" n'kulowera ku ofesi yolakwika, tsiku latha. Amene anaphunzira kunja, ndipo m'dera la m'malire ngati Tamanda alipo omwe analemba mayeso awo ku Malawi, mapepala awo amayenera kukayesedwa mlingo ku Zambia Qualifications Authority. Kutsimikizaku kumalipiridwa, kumatenga nthawi, ndipo nyengo ya chisankho mizere imatalika chifukwa makhansala nawonso amafunika satifiketi yomweyo. Dzina la pa satifiketi likasiyana ndi la pa chitupa cha NRC, monga zimachitikira kwa amayi okwatiwa kapena kwa amene ankagwiritsa dzina la amalume kusukulu, pamafunikanso lumbiro lolembedwa lofotokoza kusiyanako. Palibe chifukwa chodikirira chipani kuti ntchito imeneyi iyambe. Wofunadi mpando amaimaliza chaka chisanafike.

Kenaka pali ndalama yolipira ku bungwe la zisankho. Mu 2016 wofuna uphungu ankalipira K7,500. Mu 2021 mwamuna ankalipira K15,000, mayi K13,500, wachinyamata kapena wolumala K10,000. Mitengoyi bungwe la zisankho limalengeza pa chisankho chilichonse, ndipo imeneyinso sibwerera, munthu apambane kapena agonje.

Tsiku lopereka mayina ndi limodzi, ndipo khomo limatsegulidwa 9 koloko m'mawa n'kutsekedwa 3 koloko masana. Wofuna uphungu amabwera ndi anthu osachepera 15 olembetsa kuvota m'konsityuwensi yomweyo, aliyense ndi NRC yake ndi kadi lake lovotera. Zimaoneka zapafupi kwa munthu amene wadzaza malole ndi omutsatira, koma pa khamu lonselo ofunika ndi 15 aja. Wina amaiwala kadi kunyumba. Wina amabwera ndi kadi lakale, osadziwa kuti kaundula analembedwa mwatsopano mu 2020 ndipo makadi akale anatha ntchito. Wina amakhala ku Chipangali koma analembetsera ku Chipata Central, komwe amagulitsa pamsika. Mkulu wolandira mayina amayang'ana dzina lililonse m'kaundula, ndipo sawonjezera nthawi chifukwa choti mlatho unali woipa kapena galimoto inafera panjira. Ozolowera amabwera ndi anthu 20 kapena kupitirira, makadi atawaona dzulo lake, ndipo amafika m'mawa kuti cholakwika chikapezeka pakhale nthawi yokonza.

Aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi, omwe kumudzi ndiwo kawirikawiri ali ndi satifiketi yofunikayo, ali ndi mtolo wawowawo. Gawo 186 limati wogwira ntchito ya boma akafuna kuima pa chisankho atule pansi ntchito. Si tchuthi ayi. Mphunzitsi wa ku Tamanda amene wakhulupirira lonjezo la pakamwa n'kusiya ntchito, likulu la chipani n'kutenga wina, amatsala wopanda ntchito ndi mpando womwe. Mfumu nayonso ikafuna uphungu imayenera kusiya ufumu.

Wokanidwa ndi chipani ali ndi njira ina, kuima payekha. Gawo 51 limafuna kuti asakhale membala wa chipani chilichonse, ndipo akhale atatuluka kwa miyezi iwiri tsiku lovota lisanafike. Kutuluka kwa pamsonkhano n'kovuta kukutsimikiza m'khoti. Kalata yotulukira, yodindidwa tsiku lomwe chipani chinailandira, ndiyo imamuteteza. Njirayi si yachabe. Mu 2021, pa mipando 156, oima paokha anapambana 13, ndipo kuno kum'mawa a Munir Zulu anatenga Lumezi, a Emmanuel Jay Banda Petauke Central, a Menyani Zulu Nyimba. Ovota a m'maderawa anaonetsa kuti dzina lochokera ku Lusaka akhoza kulikana. Koma woima payekha amadzilipirira zonse, kuphatikizapo omuyang'anirira mavoti pa malo aliwonse ovotera, ndipo malamulo a 2016 anati akalowa chipani atapambana, mpando wautaya.

Ovota nawonso ali ndi mbali imene ambiri saidziwa. Mayina akalandiridwa amapachikidwa poyera, ndipo gawo 52 limalola munthu kukatsutsa m'khoti dzina lomwe akuliona kuti silikuyenera, pasanathe masiku 7 chitsekereni kulandira mayina. Khoti limayenera kumva nkhaniyo pasanathe masiku 21. Zotsatira za chisankho zikalengezedwa, wodandaula ali ndi masiku 14 okasuma ku Khoti Lalikulu, lomwe limapatsidwa masiku 90, ndipo wosakhutira amapita ku Khoti la Malamulo a Dziko. Masiku 7 ndi ochepa kwambiri kwa mlimi amene ayenera kumva kaye mphekesera yoti satifiketi ya uje ndi yokayikitsa, kupeza umboni, kupeza loya ku Chipata ndi ndalama yomulipira. N'chifukwa chake milandu yotere pafupifupi yonse imasumidwa ndi opikisana nawo omwe ali ndi ndalama, ndipo yambiri imayamba chisankho chitatha, pamene dera limakhala miyezi yambiri osadziwa ngati phungu wake akhalitsa kapena kukubwera chisankho chachibwereza.