Mlamu Wolira Koposa Onse

Pamene achinyamata a ku Garden, komboni ya mu Lusaka yoyandikana ndi Chaisa, ayala mphasa pabwalo naimba ng'oma kuti anthu asonkhane kudzaona sewero, wolemba wake adziwa kuti khamulo silinapereke ngwee pakhomo, ndi kuti likatopa lidzabwerera kumsika osatsazika. Chifukwa chake ayenera kuligwira msanga, ndipo palibe chimene chiligwira kolimba koposa munthu woipa amene oonerera amzindikira anthu a m'seweromo asanamdziwe.

Nzeru imeneyi si ya lero. Julius Chongo, m'nthano zake za Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia, ankaonetsa mtima wa wonyenga ndi liwu lokha. Ndipo a Chikwakwa, gulu la masewero la ku University of Zambia, limene linamanga bwalo lake lapamtetete mu 1971, anatengera masewero kwa anthu m'zinenero zawo, podziwa kuti Mzambia saonerera sewero atatseka pakamwa.

Taganizani za sewero la maliro. Mkulu wake wa malemu afika nadzigwetsa pakhomo, nalira koposa wamasiye mwini, nanena kuti, "Mlamu, musade nkhawa, ana awa ndi anga." Koma pamene dzanja lipukuta misozi, diso lili pa makiyi opachikidwa pa msomali, ndipo mlamuyo atangotuluka kukatunga madzi, iye aleka kulira, anyamula wailesi kuti amve kulemera kwake, nafunsa mwana monong'ona kumene atate ankasunga mapepala a nyumba. Wolemba sananene liwu limodzi lomtsutsa, komatu amayi a pabwalo ayamba kale kufuula kuti, "Musampatse makiyi!" Aona ndi maso awo chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mlandu ausenza okha.

Pano ndi pamene olemba ambiri aphunthwa, pakuti ampatsa woipayo maso ofiira ndi liwu laukali kuyambira polowa, ngakhale kuti Yudasi yemwe anapereka Mbuye wake ndi mpsompsono. Wolanda chuma wa masiku ano ndi waulemu ndiponso wodziwa zinthu. Adziwa kuti lamulo la mu 1989 linagawa chuma cha womwalira wosasiya wilo, magawo 50 mwa 100 kwa ana, 20 kwa wamasiye, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Tsono iye salanda ndi manja, koma apempha modzichepetsa kuti banja limuike kukhala woyang'anira chumacho. Ndipo ali nacho chifukwa chomveka: ndiye analipirira mng'ono wake sukulu, iye mwini nakhala wosaphunzira.

Inu olemba a m'makomboni, musammane chifukwa chimenecho; mlekeni achinene bwino ndi pakamwa pake, kufikira ena mwa oonerera agwedeze mutu movomereza, ndipo pokhapo muwaonetse ana akugona panja.